Kugombe la Agalu

Zochoka ndinaziganiza pamaliro a amuna anga. Amayi a mvano akuimba panja, ine m'nyumba maso anali kudenga la eni ake, kudzifunsa kuti mwezi ukatha ine ndi mwana wanga Tadala tikagona kuti. Ndinali mphunzitsi wa pulayimale ku Blantyre, ndipo amene anagwirapo choko akudziwa kuti malipiro ake amafika atatha kale. Ndiye mnzanga wina wa kutchalitchi atandinong'oneza kuti ku England akufuna anthu osamalira okalamba, sindinafunse kawiri. Ndinagulitsa firiji, mipando ndi njinga yamoto ya malemu, mapepala n'kutuluka.

Chinandimanga miyendo n'chimodzi: viza ya ntchito imeneyi sinkalola kutenga mwana. Tadala anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Achemwali anga a Felista, amene ankakhala ku Machinjiri ndi amuna awo, anati, "Esime, pita. Wako ndi wanga asiyana pati?" Ndinamusiya pa Chileka atagwira nsonga ya chitenje chawo, osalira, akungondiyang'ana ngati ndikupita kumsika.

Anthu kuno akamva London amaona nyali. London wanga ine anali kachipinda ka ku Thamesmead, kongokwana bedi ndi sutikesi, m'nyumba imene tinkakhala anthu a mayiko osiyanasiyana ongopatsana moni pakhomo la bafa. Kumeneko sitima sifika, n'kwa basi basi. Ndinkadzuka kukadali mdima, kuima pasiteji mphepo ya kumtsinje ikulowa mpaka m'mano. Lamlungu lokha ndi limene ndinkamva Chichewa ndi makutu anga, kumapemphero a Amalawi ku Edmonton.

Ejensi imene inandilemba ntchito inanditumiza ku Greenwich, kwa bambo Harold, mkulu amene kale ankagwira ntchito pamaboti a mumtsinje wa Thames. Sitiroko inawapha mbali imodzi, mawu ankatuluka ngati akutafuna. Ndinkawasambitsa, kuwaveka thewera, kuwadyetsa. Iwowo sindidzawanenera zoipa, anali munthu. Koma m'nyumbamo munalinso Toffee, galu waubweya wofiirira amene anasiya malemu akazi awo. Za galu sizinali mbali ya ntchito yanga. Mwana wawo wamkazi, Joanne, amene ankabwera Loweruka lokha, anangoti tsiku lina, "Poti uli pompano, uzimutulutsako pang'ono." Pang'ono pamenepo panakhala m'mawa ndi madzulo. Ine mphunzitsi wa Sitandade 6, kuwerama m'paki ndi kajumbo kudzanja, kutola chimbudzi cha galu chikadali chofunda. Ndikanakana bwanji? Viza yanga inali m'manja mwa ejensi, ejensi inali m'manja mwa Joanne. Akangoimba foni kuti mtsikanayu ngwamwano, zanga zikanathera pompo.

Toffee anali ndi dokotala wake, jekete lake la nyengo yozizira, ndi tsiku lake lotsukitsa mano. Ine dzino linandiwawa mwezi wathunthu ndikungomwa panado.

Ndikalandira, lendi inkayamba kudya, chotsala n'kutumiza kwa achemwali: fizi ya Tadala, chakudya, simenti. Ndinali nditagula puloti ku Machinjiri komweko. Nyumba itafoleredwa, alamu anati akuba azula mawindo, kuli bwino iwo asamukiremo azilondera. Ndinavomera. Mauthenga a kunyumba anali amtundu umodzi: tonse tili bwino, koma shuga wakwera. Tadala ndinkalankhula naye pafoni ya achemwali, iwo ataima pambali. Ndikafunsa za kusukulu ankayankha "bwino", ndikafunsa za chakudya "bwino". Ndinkadzitonthoza kuti ana akamakula mawu amachepa.

M'chilimwe cha chaka changa chachiwiri, Joanne anati tsiku lobadwa la bambo ake tikawasangalatse kunyanja yamchere, ku Kent. Linali Lamlungu, tsiku langa lopuma ndi lopemphera. Ndinamwetulira n'kuvomera. M'galimoto bambo Harold anakhala kutsogolo, ine kumbuyo ndi Toffee, amene anali ndi lamba wakewake. Tili m'njira Joanne anandifotokozera mosangalala kuti gombe lapafupi, lokhala ndi msewu wosalala m'mphepete mwa madzi, sililola agalu nyengo yotentha, ndiye wafufuza mpaka wapeza lina lakutsogolo limene limawalola chaka chonse.

Gombe limenelo linali la nsangalabwi zokhazokha. Mchenga panalibe. Wilitcheya ya bambo Harold inangolowa matayala n'kuima nji. Ndinaitembenuza, n'kuyamba kuikoka chafutambuyo, mkuluyo akugwedezeka ngati thumba la chimanga pangolo, Joanne ali patsogolo kuponyera Toffee mpira. Tsiku lobadwa linali la bambo, koma gombe anasankhira galu. Kulikonse ndikayang'ana kunali agalu: aakulu ngati ana a ng'ombe, aang'ono ngati makoswe, ena atavala zosambirira. Pakhomo la sitolo iliyonse panali mbale ya madzi a agalu. Panali ndi malo ogulitsa ayisikilimu wa agalu, ndinawerenga chikwangwani chake kawiri kuopa kuti Chingerezi chandisokoneza. Koma chimbudzi cholowa munthu wa pa wilitcheya chinali chokhoma, ndipo bambo Harold ndinawasintha thewera pamalo oimika galimoto, chitseko cha galimoto ndi thupi langa zikuwaphimba.

Komabe nyanja ndinali ndisanaionepo yotero, madzi opanda tsidya. Mtima unati mwana wanga aone nawo. Nditawakhazika bwino bambo Harold ndi bulangeti pamiyendo, ndinaimba vidiyo pafoni ya achemwali. Tadala anatuluka pagalasi, atavala diresi la kutchalitchi.

"Tada, taona kumene ndili! Madzi awa ndi amchere, sungamwe."

Anamwetulira. Nthawi yomweyo Toffee anatuluka m'madzi, n'kundilumphira pachifuwa akuuwa, kukamwa kwake kuli pafoni penipeni. Mwana wanga anakuwa. Sikunali kukuwa kodzidzimuka ayi, kunali kukuwa kwa munthu amene akuphedwa. Foni inagwa, ndinaona malata a nyumba yanga, kenako mwendo wake akuthawa, utamangidwa chinsanza pakatumba.

Achemwali anatola foni.

"Achemwali, mwendo wa mwana watani?"

"Aa, palibe. Anangodzipweteka posewera."

"Munthu wodzipweteka posewera amakuwa chonchi akaona galu pafoni? Ndiuzeni zoona."

Anayang'ana kumbali. "Galu anamukanda pang'ono. Wa mayi Nankhoma, aneba athu aja ogulitsa zitumbuwa."

"Liti?"

"Sabata yathayi."

"Jakisoni wa chiwewe anabaya?"

"Kuchipatala anati watha, tikayesenso akabwera. Koma bala likuuma bwinobwino, tikuthira mchere."

"Galuyo ali kuti?"

"Anamupha. Ankangotuluka dovu, kuluma ndi miyala yomwe."

Chiwewe ndimachidziwa. Ndili mphunzitsi tinaikapo mwana wa m'kalasi mwanga, amene masiku ake omaliza anamumanga ndi zitenje pabedi. Ndinaima pagombe lodzaza agalu onenepa, aliyense ndi katemera wake m'thupi, ndikumva kuti wanga mwana akumuthira mchere.

Joanne anafika atanyamula timakapu tiwiri ta ayisikilimu, kena ka bambo ake, kena ka Toffee, n'kundipatsa chingwe kuti ndigwire. Ataona nkhope yanga anafunsa chavuta n'chiyani. Ndinamuuza zonse. Anagwira pachifuwa, anati n'zomvetsa chisoni kwambiri. Kenako anafunsa, "Nanga galuyo amuchita chiyani?"

"Amupha."

"Oh, the poor thing," anatero, nkhope itagwa. Chisoni chimenecho chinali cha galuyo. Dzina la mwana wanga sanafunse.

Ndinapempha kuti tibwerere ku London. Anati wasungitsa kale tebulo pamalo ena odyera nsomba ndi tchipisi amene amalola agalu kulowa, ndipo ndi tsiku la bambo ake. "Komanso ku London ukachitako chiyani chimene sungachite pafoni pompano?" Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'choti ankanena zoona. London kapena Kent, mwana wanga anali kutali chimodzimodzi. Bambo Harold anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, analimbana ndi lilime lawo mpaka anatulutsa mawu oti ndiimbe foni, ndiwasiye iwo. Ndinamangirira chingwe cha Toffee ku wilitcheya n'kupita kuseri kwa khoma.

Ndinaimbira anti Rhoda, namwino wa pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, amene tinkapemphera limodzi. Sanandilole n'komwe kumaliza kulira.

"Iwe Esime, usadikire Monday. Chiwewe chikangoonetsa ma symptoms, that's it, palibe dokotala angachite kanthu, even kuno. Tumiza ndalama now now apite ku private. Ndipo uwaone ndi maso ako pa video, usamve za 'tapita kale'."

Ndinatumiza ndalama ya lendi ya mwezi umenewo. Ndinauza achemwali kuti achite hayala galimoto, apite kuchipatala cholipira m'tauni, ndipo foni isazime. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawakalipira achemwali anga ngati mwana wa m'kalasi. Pamalo odyera paja sindinalawe kanthu. Ndinkadyetsa bambo Harold ndi dzanja limodzi, lina lili pafoni, pansi pa tebulo Toffee akutafuna soseji imene anamubweretsera pambale yake. Jakisoni woyamba ndinamuonera m'galimoto pobwerera, mwana wanga atatsinzina, mutu wonyowa wa Toffee uli pamiyendo panga.

Anti Rhoda sanandinamize. Anati katemera wochedwa nthawi zina amagwira, nthawi zina ayi, tingodikira. Ndinapempha tchuthi kuejensi. Anati antchito achepa, ndipo poti mwanayo sanagonekedwe m'chipatala, si ngozi. Miyezi yotsatirayo sindifuna kuikumbukira. Munthu wachiwewe amaopa madzi, ndiye tsiku lililonse ndikaimba foni ndinkati, "Tada, tenga kapu, umwe ndikuona." Ankamwa, ine n'kupuma mpaka mawa lake. Ndikatero ndinkatenga kajumbo n'kutuluka ndi Toffee. M'paki anthu ankaima kumusisita, kumufunsa dzina ndi zaka. Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo langa. Mkwiyo wanga wonse ndinkauthira pa mayi Nankhoma, mayi amene ndinali ndisanamuonepo, wosunga galu wosabayitsa pakati pa ana a anthu.

Tadala anapulumuka. Koma ine mtima unali utachoka kale ku England. Chaka chotsatira bambo Harold anadwalika, Joanne n'kuwapititsa kunyumba yosungira okalamba. Ejensi inafuna kunditumiza kwa munthu wina. Ndinati ayi, ndikupita kwathu. Anzanga a kutchalitchi anati ndapenga, anthu akugulitsa minda kuti afike ku England. Anti Rhoda okha ndi amene anandiperekeza kubwalo la ndege.

Ku Machinjiri anandilandira ndi nthungululu. Nyumba yanga inali yokongola kuposa pazithunzi, ndipo alamu anandiyendetsa chipinda ndi chipinda ngati ndine mlendo wofuna lendi. Kuseri sanandifikitse. Ndinakafika ndekha mawa lake pokataya madzi. Kunali kakhola ka malata akale, kotentha ngati uvuni, m'kati muli galu wakuda, nthiti zokhazokha, atamangidwa tcheni chachifupi. Ndinafunsa achemwali. Anati ndi wolondera, anamugula posachedwapa.

Masana a tsiku lomwelo ndikuchokera kugolosale ndi Tadala, mayi wina wochepa thupi atakhala pambali pa beseni la zitumbuwa anatipatsa moni. Tadala anandinong'oneza kuti ndi mayi Nankhoma. Ndinayankha moniwo ndi mphuno n'kudutsa. Titafika pakhonde ndinayamba kumumasula tsitsi, iye atakhala pakati pa miyendo yanga, nkhope kutsogolo. Mwina n'chifukwa choti sitinkayang'anana kuti analankhula.

"Amayi, mayi Nankhoma musamawayang'ane choncho. Ndi amene anandilanditsa."

"Kwa galu wawo yemwe?"

"Sanali wawo. Anali wathu."

Chipeso chinaima m'tsitsi. Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali kumsewu. Agalu m'khola muja anali awiri. Alamu anawagula atangosamukira, ndipo ankawamana chakudya dala kuti aluse. Ntchito yowapatsa makombo inali ya Tadala. Mmodzi anayamba kudwala, kukana kudya, kuluma tcheni. Alamu anati ndi njala chabe. Tsiku limenelo achemwali anali kumsika, alamu kubawo. Mwana atatsegula khola, tcheni chinaduka. Amene anamva kukuwa ndi mayi Nankhoma. Analumpha mpanda ndi mpini wa khasu, kumenya galuyo mpaka anamusiya, n'kubereka mtsikana wa zaka khumi kumbuyo mpaka kuchipatala. Alamu atabwera anapha galuyo n'kumukwirira kuseri kwa bafa. Kenako anayamba kuuza anthu kuti matendawo anabwera ndi galu wa mayi Nankhoma, ndiye amene analuma mwana. Anyamata a m'deralo anakamugenda galu wa mayiwo mpaka kufa. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anasiya kugula zitumbuwa zawo.

"Bwanji sunandiuze, mwana wanga?"

"Anati ndikanena mukwiya, musiya kutumiza ndalama, tonse tifa ndi njala chifukwa cha ine."

Achemwali ndinawapeza kukhitchini akusenda mbatata. Sindinakhale pansi. Ndinawafunsa ngati n'zoona. Sanakane. Anati alamu ankaopa kuti ndiwatulutsa m'nyumba. Ndinati mwana akanafa. Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana m'maso.

"Ndiye tikanakuuza ukanatani? Ukanabwera? Si unali kunyanja iwe, kusambitsa galu wa azungu? Amene ankagona naye mwanayu akamalira ndine."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero amandilasa, chifukwa mbali ina ndi oona. Koma musandiuze kuti ndi yankho. Galu wa azunguyo ndi amene anafolera nyumba imene ankagonamo. Ku Kent mzungu anamvera chisoni galu n'kuiwala mwana wanga, koma iye mwanayo sankamudziwa. Awa anali magazi ake. Anayeza moyo wake ndi denga la malata, denga n'kulemera. Ndipo si iwo okha. M'masiku otsatira ndinazindikira kuti ambiri a mumzere wathu ankadziwa zoona zake: amene anamva kukuwa, amene anaona alamu akukumba dzenje, ngakhale amayi a kutchalitchi amene ankanditumizira mavesi pafoni. Onse anatseka pakamwa. Khomo la munthu wa ku London silikhumudwitsidwa, mwina mawa ungakapempheko kanthu. Mayi wogulitsa zitumbuwa ndiye wosavuta kumusenzetsa mlandu.

Achemwali ndi alamu ndinawapatsa mpaka kutha kwa mwezi. Galu wakuda uja ndinaitanitsa wa zaziweto kudzamubaya, n'kumupereka kwa munthu wa kumunda amene ndinaona kuti agalu ake amadya. Khola ndinaphwasula ndi manja anga.

Kwa mayi Nankhoma ndinapita ndi chitenje chatsopano ndi shuga. Anandiyalira mkeka, anamva zonse zimene ndinanena, koma mphatsoyo sanaikhudze.

"Mayi a Tadala, chitenje ndili nacho, ngakhale chakutha. Mwana ndinamubereka chifukwa ndi mwana, sindinkafuna malipiro. Chimene ndikufuna ine n'chimodzi. Anthu a pano akudziwa, koma akudikira kuti anene ndani. Inu ndinu mwini mwana. Mukanene pagulu kuti galuyo sanali wanga."

M'mawa mwake ndinatenga ndowa n'kupita kukiyosiki ya madzi, ngakhale kunyumba kwanga kuli mpopi. Mzere unali wautali, amayi okhaokha, ndipo achemwali anali momwemo, poti anali atayamba kale kusesa kunyumba yawo yakale. Anthu anayamba kundipatsa malo kutsogolo, aliyense "a ku London, dutsani". Sindinadutse. Ndinatembenuza ndowa, n'kukwerapo, n'kutulutsa mawu anga akale a pa asembule.

"Amayi, ndimvereni. Galu amene analuma mwana wanga anali wa pakhomo panga. Anagulidwa ndi ndalama zanga, anamangidwa kuseri kwa nyumba yanga. Mayi Nankhoma ndi amene anapulumutsa Tadala, ndipo inu mukudziwa. Munawaphera galu wosalakwa, munawaphera malonda. Ine ndanena. Amene akuti ndikunama ayankhe pompano."

Madzi anadzaza mumtsuko wa amene anali kutsogolo n'kuyamba kutayika, osapezeka wotseka. Achemwali ananyamula ndowa yawo yopanda kanthu n'kutuluka pamzere. Ine ndinatsika, ndinapita kumapeto kwa mzere, n'kudikira nthawi yanga.